Kodi chimatsogola n'chiyani, maganizo kapena mmene mtima ukumvera?

Mphunzitsi Wopuma:
Moni nonse. Pali funso limene lakhala likundizunguza mutu, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene nkhaniyi mumaidziwa bwino. Tiyerekeze kuti anthu awiri ogwira ntchito pamalo amodzi alandira pa foni uthenga wofanana kuchokera kwa abwana awo madzulo a Lachisanu, wonena kuti, "Mudzandione ku ofesi Lolemba m'mawa." Uthengawo sukutchula chifukwa, ndipo onse awiri sakudziwa chimene abwanawo akufuna. Woyamba akuuwerenga kamodzi n'kuika foni pambali, ndipo Loweruka ndi Lamlungu akudya ndi kugona monga mwa masiku onse. Wachiwiri akuuwerenga mobwerezabwereza, chakudya sichikulowa, akusowa tulo, ndipo pofika Lamlungu wayamba kukalipira ana pa zinthu zosadziwika bwino.

Chochitika n'chimodzi, koma mitima iwiriyi yalowera kosiyana. Ndamvapo ena akunena kuti kusiyanaku kumachokera m'maganizo. Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani wachiwiriyu sangangodziuza kuti aleke kudandaula, nkhawa n'kutheratu pomwepo? Ndipo ngati sangathe kutero, tinganenebe bwanji kuti maganizo ndi amene ali patsogolo?

Mlangizi wa Zamaganizo:
Bambo Mphunzitsi, pakati pa uthengawo ndi kusowa tuloko pali chinthu chachitatu chimene chimadutsa mofulumira kwambiri moti mwiniwake kawirikawiri sachiona, ndicho tanthauzo limene iye wapereka ku uthengawo. Woyamba mwina wati mumtima, "Ndi nkhani ya lipoti lija." Wachiwiri wati, "Basi, ntchito yatha, ndipo ina sindidzaipezanso." Munthu amene wakhulupirira zimenezi sakulakwa kuchita mantha, chifukwa manthawo ndi ogwirizana ndithu ndi nkhani imene wadziuza. Vuto lili pakuti nkhaniyo waitenga ngati chinthu chimene chachitika kale, pamene iye wangoganizira chabe.

Mfundoyi ndi yakale. Epictetus, amene anali kapolo ku Rome asanadzakhale mphunzitsi wa nzeru zakuya ku Nicopolis, m'dziko la Greece, cha m'ma 100 Yesu atabadwa, ankaphunzitsa kuti chimene chimasautsa anthu si zinthu zenizenizo ayi, koma mmene amaziweruzira. Mu 1955 Albert Ellis, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, anamanga njira ya uphungu pa maziko omwewa, ndipo ankaifotokoza ndi zilembo zitatu: A ndi chochitika, B ndi zimene munthu akukhulupirira pa chochitikacho, C ndi zotsatira zake mumtima ndi m'zochita. Ambirife timaona A ndi C basi, n'kumati abwana andikwiyitsa kapena uthenga wandisowetsa tulo, B uja osamuona konse.

Amene ine amandigwira mtima kwambiri ndi Aaron Beck, dokotala wa matenda a maganizo pa University of Pennsylvania, chifukwa anafika pa mfundoyi akufunafuna china. Iye anaphunzira njira ya Sigmund Freud yofufuza maganizo obisika mwa munthu, ndipo ankafuna kutsimikizira kuti matenda okhumudwa kwambiri amayamba ndi mkwiyo umene munthu waubweza kwa iye mwini. Atafufuza maloto ndi zolankhula za odwala ake, anapezamo kuluza, kulephera ndi kukanidwa m'malo mwa mkwiyowo. M'zaka za m'ma 1960 anazindikiranso kuti odwalawo anali ndi timaganizo tachangu tobwera tokha, timene sankatinena pokhapokha atafunsidwa kuti, "Chadutsa m'mutu mwanu pompano n'chiyani?" Timaganizoto tinkazungulira pa zinthu zitatu: ine ndine wachabechabe, dziko silindifunira zabwino, kutsogolo kulibe chimene chidzasinthe. Uphungu umene lero umatchedwa CBT (Cognitive Behavioural Therapy), wothandiza munthu kupima maganizo ndi zochita zake, unachokera kwakukulu pa ntchito ya anthu awiriwa.

Tsono chimene wachiwiri uja sangathe kungodzilamula kuti aleke kudandaula n'chakuti iye akukhulupirira nkhani yakeyo, ndipo chikhulupiriro sichimvera lamulo, chimasunthika ndi umboni.

Dalaivala Wamtunda:
Mayi Mlangizi, ndamva bwino, koma pa ntchito yanga ndimaona zosiyana. Mwana akatulukira mwadzidzidzi pamsewu, phazi limafika pa buleki ndisanaganize chilichonse, mtima umagunda mwamphamvu, manja amanjenjemera pa chiwongolero, ndipo galimoto itaima kale m'pamene mutu umati, "Ndikanamugunda mwana uja." Apa ine ndikuona kuti thupi ndilo likutsogola, maganizo akubwera m'mbuyo kudzafotokoza zimene zachitika kale. Ndikanati ndidikire kuti ndiyambe ndaganiza, bwenzi mwanayo atapita. Kodi B wanu uja ali pati pamenepa?

Wophunzira za Ubongo:
Bambo Dalaivala, simuli nokha pa mbali imeneyi. Mu 1884 katswiri wa zamaganizo William James analemba kuti sitinjenjemera chifukwa tachita mantha, koma timachita mantha chifukwa tanjenjemera, kutanthauza kuti thupi limasintha kaye, ndipo kumva kusinthako ndiye mantha amene. Mu 1980 Robert Zajonc nayenso anati munthu angathe kukonda kapena kuda chinthu asanachiganizire, ndipo anatsutsana ndi katswiri mnzake Richard Lazarus pa nkhaniyi kwa zaka zingapo. Joseph LeDoux, pofufuza za mantha mwa makoswe, anaonetsa kuti uthenga wochokera m'makutu ungathe kufika ku kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kudzera njira yachidule, usanadutse m'zigawo zakunja za ubongo zimene zimasanthula zinthu bwinobwino. Njira yachiduleyo ndi yachangu koma yosaona patali, n'chifukwa chake munthu amadumpha chingwe chili panjira, kenako n'kuzindikira kuti si njoka.

Yankho la Lazarus linali lakuti tikamanena za maganizo tisamangoganiza za ziganizo zathunthu zimene munthu amadzilankhulira. Kuti phazi lanu lipite pa buleki, ubongo unali utaweruza kale kuti chimene chatulukiracho ndi choopsa, ngakhale kuti kuweruzako kunalibe mawu. Chipepala chouluka ndi mphepo mukadachizindikira kuti ndi chipepala, mtima sukadagunda choncho.

Kwa ine, pamene pali nkhani yaikulu ndi pambuyo pa mphindi yoyambayo. Madalaivala awiri angathe kugwira buleki mofanana, koma wina pofika kunyumba n'kumati, "Ndinachita changu, mwana wapulumuka," pamene mnzake akuti, "Ndine munthu woopsa, tsiku lina ndidzapha mwana wa eni." Woyamba mawa lake akwera galimoto, wachiwiri ayamba kupewa msewu umenewo, ndipo mantha amene akanatha tsiku lomwelo amakhala naye miyezi. Lazarus ndi anzake pa yunivesite ya ku Berkeley anaonetsa mphamvu imeneyi mu 1964 pamene anaonetsa magulu a anthu filimu imodzi yochititsa nthumanzi ya anthu akuchekedwa thupi, koma gulu lililonse linkamva mawu ofotokozera osiyana. Amene ankamva mawu otsindika ululu ndi kuopsa kwake anatuluka thukuta lambiri m'manja poyerekeza ndi amene ankamva kufotokoza kodekha kwa kaphunzitsidwe ka sayansi. Maso awo ankaona zofanana, koma matupi awo anayankha molingana ndi tanthauzo limene anapatsidwa.

Namwino Wausiku:
Ndiloleni ndiwonjezere zimene ndimaona pa ntchito, chifukwa zikusonyeza kuti thupi ndi maganizo zimathamangitsana mozungulira, ndipo kufunsa kuti chayamba n'chiti nthawi zina sikuthandiza. Usiku timalandira anthu atagwira pachifuwa, akupuma mwawefuwefu, maso ali tong'oo, akunena kuti akufa. Ena amakhaladi ndi vuto la mtima, n'chifukwa chake aliyense womva kupweteka pachifuwa ayenera kupimidwa kaye, osangouzidwa kuti ndi maganizo chabe. Koma pali ena amene tikawapima timapeza mtima uli bwinobwino, ndipo ukawafunsa mwachifatse nkhani yawo imafanana.

Munthu wakwera masitepe mofulumira, mtima wagunda kwambiri pang'ono, ndipo kaganizo kadutsa kakuti, "Mtima wanga ukuima." Kaganizoko kamauza thupi kuti pali ngozi, thupi limatulutsa timadzi tolikonzekeretsa ngozi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga koposa poyamba, ndipo munthuyo amayamba kupuma mothamanga. Kupuma kotereku kumachepetsa mpweya wa carbon dioxide m'magazi, zimene zimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Iye akamva dzanzilo amati, "Mwaona, ndimanena ine," ndipo mantha amakwera kufika pachimake m'mphindi zochepa chabe. David Clark wa ku Oxford anafotokoza kuzungulira kumeneku mu 1986, kuti gwero lake ndi kumasulira zizindikiro wamba za thupi ngati chiyambi cha tsoka.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi zimene zimatsatira m'moyo wa munthuyo. Amasiya kuyenda mwachangu, amakhala pafupi ndi chitseko paliponse pamene pali anthu ambiri, ndipo amangokhalira kugwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima. Akapulumuka tsikulo amati wapulumuka chifukwa anakhala pansi msanga, choncho sapeza mpata woona kuti ngakhale akanapitiriza kuyenda sakanafa. Paul Salkovskis, amene ankagwira ntchito limodzi ndi Clark, anafotokoza bwino mmene zochita zodzitetezera zoterezi zimasungira mantha kuti asathe.

Mayi Wokayikira:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, koma pali chimene chikundiwawa. Mauthenga ena ochokera kwa abwana amakhaladi a kuchotsedwa ntchito. Pali amayi amene aikadi amuna awo m'manda, pali anthu amene akumenyedwadi m'nyumba zawo, ndipo pali ena amene ngongole zawafikadi m'khosi. Kodi anthu amenewa tiwauze kuti vuto lawo ndi mmene akuganizira? Ine ndimaona kuti chiphunzitso chimenechi chimakomera amene akuzunza anzawo, chifukwa wolemba ntchito wankhanza angathe kuitana mlangizi kuti aphunzitse antchito kuganiza zabwino m'malo moti iye asinthe nkhanza zakezo. Munthu akupsa ndi mavuto enieni, wina n'kumuuza kuti angoganiza zabwino zonse zikhala bwino, kumeneko ndi kumunyoza, ndipo kumamuwonjezera mlandu woti akuvutika chifukwa cha kulephera kwake.

Mlangizi wa Zamaganizo:
Achemwali, pa zambiri mwanenazi ndili mbali yanu. Mayi amene waferedwa ayenera kulira, ndipo amene akumenyedwa akufunika chitetezo, osati phunziro la kaganizidwe. Mlangizi amene angauze munthu womenyedwa kuti asinthe mmene amaonera kumenyedwako sakuidziwa ntchito yake.

Za kuganiza zabwino zokhazokha, ngakhale kafukufuku sagwirizana nazo. Mu 2009 Joanne Wood ndi anzake pa University of Waterloo ku Canada anapempha anthu kuti azibwereza mawu oti iwo ndi anthu oyenera kukondedwa, ndipo amene ankadziona kale ngati achabechabe anatuluka ali okhumudwa koposa anzawo amene sanabwereze mawuwo. Zikuoneka kuti munthu akanena chinthu chimene sakuchikhulupirira, mtima wake umayamba kusonkhanitsa zifukwa zotsutsira. Kuyesa kupondereza ganizo nakonso sikuyenda. Mu 1987 Daniel Wegner anauza anthu kuti kwa mphindi 5 asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu nthawi iliyonse chikabwera m'mutu. Belu linalira ndithu, ndipo pamene anawalola pambuyo pake kuti achiganizire, anachiganizira kwambiri kuposa amene sanaletsedwe poyamba. Apa Bambo Mphunzitsi apezanso yankho la funso lawo loyamba lija.

Chimene ife timafuna ndi kuganiza kolondola, ndipo nthawi zina kolondolako n'kowawa. Tengani anthu awiri amene achotsedwadi ntchito. Onse ali ndi chisoni ndi nkhawa, ndipo m'pake. Koma wina akuti, "Kampani yachepetsa antchito, miyezi ikubwerayi ikhala yovuta, ndiyambe kufunsa kwa amene ndimawadziwa." Mnzake akuti, "Andichotsa chifukwa ndine wopanda nzeru, ndakhala choncho chibadwire, ndipo chilichonse chimene ndimagwira chimawonongeka." Mu 1978 Lyn Abramson, Martin Seligman ndi John Teasdale anafotokoza kuti kafotokozedwe kachiwirika, koika chifukwa chonse pa iwe mwini, kochiona ngati chamuyaya ndiponso chokhudza mbali zonse za moyo, ndi kamene kamachititsa munthu kutaya mtima n'kusiya kuyesa. Wachiwiriyu salemba makalata ofunsira ntchito chifukwa akudziwa kale yankho lake, ndipo pakutha pa chaka ulova wake umaoneka ngati umboni wa zimene ankanena. Kuchotsedwa ntchito sikunachokere m'mutu mwake ayi, koma mbali ina ya katundu amene wasenza yawonjezedwa ndi ziganizo zitatu zimene palibe anazipima ngati zili zoona.

Mphunzitsi Wopuma:
Zikomo Mayi Mlangizi, tsopano ndayamba kuona kuwala. Zimenezi zandikumbutsa ana ena amene ndinkawaona m'kalasi. Mnzake akamugunda pa chigongono podutsa, cholembera n'kukhwatcha patsamba, mwana wina ankangoyang'ana n'kupitiriza kulemba, pamene wina ankadzuka chibakera chili m'mwamba asanafunse n'komwe. Ukamufunsa ankayankha ndi mtima wonse kuti, "Wachitira dala." Kenneth Dodge anafufuza zimenezi mu 1980 pogwiritsa ntchito anyamata, ena okonda ndewu ndi ena osakonda ndewu, amene ankalumikiza tizidutswa ta chithunzi, kenako n'kuuzidwa kuti mnyamata wina wawaphwasulira. Pamene zinali zoonekeratu kuti mnzawoyo wachita mwankhanza, magulu onse awiri anabwezera, ndipo pamene zinali zoonekeratu kuti ankafuna kuthandiza, ngakhale okonda ndewu aja anadziletsa. Kusiyana kunaonekera pamene cholinga cha mnzawoyo sichinkadziwika, chifukwa pamenepo okonda ndewu ankangoti wachitira dala.

Koma Mayi Wokayikira, apa pali mfundo imene ikukomera inu. Dodge yemweyo ndi anzake anadzapeza mu 1990 kuti ana amene anazunzidwapo ali aang'ono ndi amene kawirikawiri amakula akuona nkhanza pamene cholinga sichikudziwika. Ndiye kuti kaganizidwe kameneka mwana sanakasankhe, anakaphunzira pamalo pamene kuyembekezera nkhonya kunali nzeru yodzitetezera. Chomvetsa chisoni n'chakuti akamamenya anzake, anzakewo amayambadi kumuda ndi kumusala, ndipo dziko limasanduka mmene iye ankalionera.

Mayi Wokayikira:
Bambo Mphunzitsi, zimenezo ndazilandira, chifukwa zikuvomereza kuti maganizo nawonso ali ndi kumene amachokera. Komabe sindinakhutire kwenikweni. Ndinasamalirapo m'bale wanga amene anadwala matenda okhumudwa mpaka kulephera kudzuka pabedi, ndipo kukambirana naye za umboni kunali kosatheka, chifukwa chilichonse chabwino chimene ndinkatchula iye anali ndi yankho lochigwetsa. Munthu wofika pamenepo mungamuyambire pati, popeza chida chimene mukuti apimire maganizo ake ndi mutu womwewo umene wadwala?

Wophunzira za Ubongo:
Mayi, funso limeneli linavutitsanso akatswiri, ndipo yankho limodzi ndi lakuti muyambire ku zochita. M'zaka za m'ma 1970 Peter Lewinsohn ankanena kuti munthu wokhumudwa amasiya pang'onopang'ono zinthu zimene zinkamupatsa chimwemwe kapena kumva kuti wakwanitsa kanthu, ndipo akamasiya, moyo wake umauma, kukhumudwako n'kumakula. Mu 1996 Neil Jacobson ndi anzake anagawa odwala pafupifupi 150 m'magulu, ena n'kulandira uphungu wonse wa Beck, ena n'kungothandizidwa kubwerera ku zochita za tsiku ndi tsiku popanda kutsutsa maganizo awo, ndipo magulu onse anachira mofanana. Ena amawerenga zimenezi ngati kugwa kwa mfundo yonse ya maganizo. Ine ndimaona mosiyana pang'ono, chifukwa munthu amene ankati sangathe kalikonse, akasamba, n'kuyenda kamtunda kochepa, n'kupeza kuti zatheka, walandira umboni umene mawu a m'bale wake sakanamupatsa. Chofunika n'chakuti asadikire kuti chilakolako chibwere kaye, popeza pa matendawa chilakolako chimabwera pambuyo pa kuchita.

Palinso kusiyana pakati pa kuganizira vuto ndi kulibwereza m'mutu. Susan Nolen-Hoeksema anali atafunsa ophunzira a pa yunivesite ya Stanford za kaganizidwe kawo patatsala milungu iwiri kuti chivomezi cha Loma Prieta chigwedeze dera la San Francisco mu Okutobala 1989. Atawafunsanso pambuyo pa chivomezicho, anapeza kuti amene anali ndi chizolowezi chomangosinkhasinkha za kukhumudwa kwawo ndi zifukwa zake anali ovutikabe kwambiri patapita milungu 7. Funso lakuti "n'chifukwa chiyani zimandichitikira ine" lingathe kuzungulira usiku wonse osafika kulikonse, pamene lakuti "ndichite chiyani mawa m'mawa" lili ndi pothera.

Namwino Wausiku:
Ndingowonjezera chenjezo pa nkhani ya m'bale wanuyo, Mayi. Kufooka ndi kukhumudwa nthawi zina kumayamba ndi zinthu za m'thupi monga kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, kusagona mokwanira, mowa kapena mankhwala ena amene munthu akumwa, ndipo zimenezi sizitha ndi uphungu wokha. Matenda okhumudwa akakula, ambiri amafunika mankhwala pamodzi ndi uphungu. Ndipo munthu akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, imeneyo si nthawi yotsutsana naye za umboni, ndi nthawi yoti musamusiye yekha ndipo mupite naye kuchipatala.

Dalaivala Wamtunda:
Ndamva tsopano kusiyana kwa mphindi yoyamba ndi zotsatira zake. Funso langa lomaliza ndi la mkwiyo. Wina akandilowerera kutsogolo mwachipongwe pamsewu, ine sinditukwana kapena kuliza hutala, ndimangoluma mano n'kukhala chete, koma ndimafika kumene ndikupita khosi litauma ndipo mutu ukuwawa. Kodi kumeneku si kulamulira maganizo kumene mukunenaku?

Mlangizi wa Zamaganizo:
Bambo Dalaivala, kumeneko ndi kubisa nkhope, ndipo n'kwabwino kuposa kutuluka m'galimoto kukachita ndewu, koma mkwiyowo umakhala ulipobe. James Gross wa ku Stanford anasiyanitsa njira ziwirizi mu 1998 poonetsa anthu filimu ya opaleshoni yodula chiwalo. Ena anawauza kuti asaonetse pankhope chilichonse chimene akumva, ena anawauza kuti aziganizira zimene akuonazo mwanjira yoti zisawakhudze mtima. Amene anabisa nkhope anakwanitsa kubisako, koma mumtima ananyansidwa chimodzimodzi, ndipo matupi awo anaonetsa kupanikizika kokulirapo. Amene anasintha kaonedwe ananyansidwa mocheperapo popanda thupi kulipira mtengo umenewo. Khosi lanu louma lija likugwirizana ndi gulu loyambalo.

Onaninso kuti mwanena kuti wakulowererani mwachipongwe. Chimene maso anu anaona ndi galimoto ikulowa pamalo opanikiza, koma chipongwecho mwachiwonjezera ndinu, ndipo n'chimene chikuyatsa moto. N'kutheka kuti ndi chipongwedi, komanso n'kutheka kuti sanakuoneni pagalasi, kapena ndi wophunzira kumene, kapena akuthamangira ndi wodwala. Sindikukupemphani kuti mukhulupirire chifukwa chokoma, popeza inunso simukuchidziwa. Ndikungoti mukamva mano akulumana, dzifunseni kuti mwangodziuza chiyani, ndipo muganizire zifukwa zina ziwiri zimene zingafotokoze zomwezo. Pamsewu simudzapeza mpata wofunsa mwini galimotoyo, choncho kukayika kokhako n'kumene mungakwanitse, ndipo kawirikawiri kumachepetsa mkwiyo ngakhale kuti sikuuchotseratu. Pa nkhani zimene zingathe kuyesedwa, monga kuganiza kuti mnzanu wa kuntchito amene sanakupatseni moni wakukwiyirani, lembani zimene mukuyembekezera kuti zichitika mukamulankhula, kenako mumulankhule, ndipo madzulo muyerekeze zimene munalemba ndi zimene iye wayankha.